Mafunso ndi mayankho: nyenyezi zimabadwa bwanji m'milalang'amba, nanga ayironi wa m'magazi mwathu anachokera kuti?

Awa ndi mafunso amene anthu amakonda kufunsa nkhani ya nyenyezi ikangoyambika, ena ndi a ana a sukulu, ena ndi a akuluakulu amene fizikisi anaisiya kalekale ku Form 4. Ena ndayankha mwachidule, ena ndatambasula chifukwa mpomwe pali nyama.

Mlalang'amba wa spiral nde chani kwenikweni?

Mlalang'amba ndi chigulu cha nyenyezi, gasi ndi fumbi zomwe zagwirana ndi mphamvu yokoka, gravity ija. Ya spiral ndi ija yophwatalala, pakati pali chotupa chowala, kenako mikono yopindika ikuchokera pakatipo kuzungulira kupita kunja. Wathuwu, Milky Way, ndi wa mtundu umenewu, ndipo pakati pake palinso kandodo ka nyenyezi kopingasa. Muli nyenyezi pakati pa 100 biliyoni ndi 400 biliyoni, ndipo kuwala kumatenga zaka pafupifupi 100,000 kuti kuchoke mbali ina kukafika mbali inayo. Mtunda umene kuwala kumayenda chaka chathunthu ndi womwe amati light year, makilomita pafupifupi 9.5 thiriliyoni. Ifeyo ndi Dzuwa lathu tili ma light year 26,000 kuchoka pakati, nde sitili mtauni komanso sitili kumudzi kwenikweni.

Woyamba kuona mikono yopindikayi anali Lord Rosse ku Ireland mu 1845, pa mlalang'amba wa M51, koma anthu anakangana zaka zambiri ngati zinthuzi zili mkati mwa Milky Way kapena kunja, mpaka Edwin Hubble cha m'ma 1924 anayeza mtunda wa Andromeda nkupeza kuti ayi, uwu ndi mlalang'amba wina pawokha.

Nyenyezi zimabadwadi? Mesa zinangokhalapo kuyambira kale?

Zimabadwa, panopa tikukamba pano zina zikupangika. Dzuwa lili ndi zaka 4.6 biliyoni pomwe chilengedwe chonse chili ndi zaka 13.8 biliyoni, kutanthauza kuti zaka 9 biliyoni zinadutsa kulibe Dzuwa.

Nde zimayamba bwanji?

Zimayamba ndi kuzizira, zomwe anthu ambiri sayembekezera. Pakati pa nyenyezi pali mitambo ikuluikulu ya gasi, makamaka haidrojeni, wosakanikirana ndi fumbi pang'ono. Ikuluikulu kwambiri imalemera kuposa Dzuwa ka 100,000 olo ka miliyoni, ndipo mkati mwake mumazizira mpaka madigiri 260 pansi pa ziro. Gasi wotentha sakhazikika, amangomwazika, koma wozizira chonchi alibe mphamvu yolimbana ndi gravity, nde pena pamene gasi wachulukana pamayamba kudzikoka pokha, kumatitimira mkati, kugawikana timagulumagulu. Kagulu kalikonse kakamafinyika kamatentha, kamazungulira mwachangu, gasi wotsala amapanga chimbale kuzungulira kamwana ka nyenyezi kaja, ndipo m'chimbale chimenechi ndi momwe mapulaneti amadzapangika. Pakatikati pakafika madigiri pafupifupi 10 miliyoni, haidrojeni amayamba kuphatikizana kukhala hiliyamu, basi nyenyezi yayaka. Ya saizi ya Dzuwa zimaitengera zaka mamiliyoni makumi angapo kuti ifike pamenepa, zikuluzikulu zimathamanga kwambiri.

Musaganize kuti mitamboyi ndi yokhuthala ngati ya mvula. Mu kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse mumapezeka timamolekyu mahandiredi kapena masauzande ochepa, pomwe mu mpweya tikupumawu, kabokosi komweko muli 25 wotsatana ndi maziro 18. Imalemera chifukwa chakukula basi.

Chinanso, mtambo sumatha wonse kusanduka nyenyezi. Ndi maperesenti ochepa chabe a gasi amene amalowa m'nyenyezi, chifukwa zikuluzikulu zikangoyaka zimawotcha ndi kuuluza gasi wotsalayo, mtambo wonse nkubalalika pasanathe zaka 30 miliyoni. Ana amagwetsa nyumba yomwe abadwiramo.

Ndingathe kuona malo amenewa ndi maso anga, opanda telesikopu?

Eya, ndipo kuno kumwera tili ndi mwayi kuposa anzathu a ku Ulaya. Dikirani usiku wopanda mwezi, magetsi akathima nde bwino kwambiri. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, mitambo ikapereka mpata, yang'anani Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija za mu gulu la nyenyezi lotchedwa Orion. Pambali pake pali kamzere kena ka tinyenyezi tozimirira, ndipo kapakati sikaoneka ngati kadontho, kamaoneka ngati kautsi. Imeneyo ndi Orion Nebula, ma light year pafupifupi 1,350, ndipo muli nyenyezi zoti zaka zake sizinapitirire 2 miliyoni. Mukapeza ma binoculars olo otchipa muona kuwala kotuwa kotambalala.

Mu Epulo mpaka Juni yang'anani Southern Cross, nyenyezi zooneka ngati mtanda zija za kumwera. Pambali pake pali chigamba chakuda bii pakati pa kuwala kwa Mlalang'amba, mungaganize kuti pamenepo palibe nyenyezi, koma ndi mtambo wozizira wa fumbi wotchedwa Coalsack womwe ukutchinga za kuseri. Nsangwe nazo ndi gulu la nyenyezi zobadwira mumtambo umodzi zaka pafupifupi 100 miliyoni zapitazo ndipo sizinabalalikebe.

Chifukwa chani nyenyezi zatsopano zimapezeka m'mikono?

Ili nde funso lokoma. Poyamba anthu ankaganiza kuti mkono ndi chinthu chimodzi chogwirana, nyenyezi zomwezomwezo zikuzungulira limodzi. Koma sizingatheke, chifukwa za pafupi ndi pakati zimamaliza ulendo wozungulira msanga kuposa zakunja. Dzuwa limatenga zaka pafupifupi 230 miliyoni kuzungulira kamodzi, nde pa moyo wake lazungulira ka 20 kapena chapompo, ndipo mikono ikanakhala yogwirana bwenzi itakulungana kalekale mpaka osaonekanso.

Mu 1964 C. C. Lin ndi Frank Shu anabwera ndi ganizo loti mkono ndi malo othithikana chabe. Taganizani za rodibuloko pa msewu wa M1. Mukayang'ana muli patali muona magalimoto atadzadza pamalo amodzi tsiku lonse, koma si magalimoto omwewo, minibasi imafika, imachedwa pang'ono, imadutsa, ina imalowa kumbuyo. Mzerewo ulipobe koma amene ali pamzere akusinthasintha. Nyenyezi ndi gasi zimalowa mumkono, zimathinana, nkutuluka mbali inayo. Nyenyezi zimangodutsana popanda vuto koma mitambo ya gasi imagundana ndi kufinyika, nde kubereka kumayambika.

Ndipo chomwe chimawalitsa mikono ndi nyenyezi zikuluzikulu za buluu. Yolemera ka 20 kuposa Dzuwa imawala kuposa Dzuwa maulendo masauzande makumi angapo koma imakhala zaka pafupifupi 10 miliyoni basi, imafa isanachoke nkomwe pamzere paja. Zing'onozing'ono zimakhala nthawi yaitali nkumwazikana m'chimbale chonse. Nchifukwa chake pachithunzi mikono imaoneka ya buluu yokhala ndi timadontho tofiirira ta haidrojeni wotenthedwa, pakati pamaoneka pachikasu chifukwa ndi pa nkhalamba. Kunena chilungamo ganizo la Lin ndi Shu limagwira bwino pa milalang'amba ya mikono iwiri yooneka bwino, pomwe ina mikono yake ndi yoduladula, imapangika ndi kutha, ndipo ya M51 ikuoneka kuti inakokedwa ndi kamlalang'amba kena kodutsa pafupi.

Milky Way imabereka nyenyezi zingati pa chaka?

Zochepa zomvetsa manyazi. Gasi wolemera ngati Dzuwa limodzi kapena awiri pa chaka, mlalang'amba wonsewu. Zambiri mwa izo ndi ting'onoting'ono tofiira, zikuluzikulu zimabadwa mwa apo ndi apo, zomwe Edwin Salpeter anawerengera mu 1955. Kale kubereka kunali kothamanga, zaka 10 biliyoni zapitazo milalang'amba inkabereka pafupifupi ka 10 kuposa lero.

Nanga akamati chemical evolution amatanthauza chani?

Chilengedwe chitangoyamba kunali haidrojeni pafupifupi 75 peresenti, hiliyamu 25 peresenti, ndi kalithiyamu kochepetsetsa. Kunalibe kaboni, kunalibe okosijeni, kunalibe ayironi. Zonsezi zinaphikidwa m'nyenyezi, ndipo nyenyezi ikamafa imabweza zina mwa zomwe yapanga ku gasi wa mumlalang'amba, gasi uja amadzapanga nyenyezi zina zomwe zimayamba kale zili ndi maelementi olemera, nazonso zimaonjezera pake, choncho choncho m'badwo ndi m'badwo. Kuchulukirachulukira kwa maelementi kumeneku ndi komwe akunena. A zakuthambo ali ndi kachizolowezi kotcha chilichonse cholemera kuposa hiliyamu kuti metal, olo okosijeni amene, aphunzitsi a kemisitiri zimawanyansa koma nde zinakhazikika.

Chodabwitsa nchoti patatha zaka mabiliyoni onsewa ntchito yake ndi yochepa. Mu Dzuwa maelementi olemera onse pamodzi safika 2 peresenti. Dziko lonse lapansili, miyala, nyanja, inu ndi ine, tinapangidwa kuchokera mu kanyenyeswa kameneko.

Pepala lomwe linayala nkhani ya mmene nyenyezi zimapangira maelementi linatuluka mu 1957, olemba ake Margaret Burbidge, Geoffrey Burbidge, William Fowler ndi Fred Hoyle. Koma amene anagwira ntchito yaikulu yolumikiza zimenezi ndi mbiri ya milalang'amba yathunthu ndi Beatrice Tinsley, mayi wokulira ku New Zealand, yemwe anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 40 zokha. Dzina lake silitchulidwa mokwanira.

Nyenyezi iti imapanga chani?

Apa nde pagona nkhani, chifukwa si zonse zimapanga zofanana ndipo sizipereka nthawi imodzi.

Zikuluzikulu, zolemera ka 8 kuposa Dzuwa kupita mtsogolo, zimawotcha haidrojeni, akatha zimawotcha hiliyamu kupanga kaboni ndi okosijeni, kenako neon, magineziyamu, silikoni, gawo lililonse likutha msanga kuposa lapitalo. Haidrojeni amatenga zaka mamiliyoni, silikoni amatha m'masiku ochepa chabe. Pakati pakadzadza ayironi basi zathera pomwepo, chifukwa kuphatikiza ayironi sikutulutsa mphamvu, kumachita kudya mphamvu. Mtima wa nyenyezi umagwera mkati pasanathe sekondi imodzi, zakunja zonse zimaphulika, imeneyo nde supernova. Okosijeni wambiri amene mukupumayu anachokera kumeneko.

Zapakatikati ngati Dzuwa siziphulika. Zikakalamba zimafufuma, nkumataya zikopa zake pang'onopang'ono, ndipo zimapereka kaboni ndi nayitrojeni wambiri, komanso zina zolemera ngati barium ndi mtovu. Chotsala ndi kamtima kotentha ka saizi ya dziko lapansi, white dwarf.

Nde pali mtundu wina wa supernova, Type Ia. White dwarf ikakhala ndi inzake pafupi imatha kumaibera gasi kapena kugundana nayo, mpaka kuphulika yonse osatsala kanthu. Izi ndi zomwe zimapereka gawo lalikulu la ayironi, kuposa theka la amene ali mu Dzuwa. Thupi la munthu wamkulu lili ndi magalamu pafupifupi 4 a ayironi, ambiri ali m'magazi, nde mukamamwa mapilisi a ayironi aja amapereka ku sikelo dziwani komwe katunduyo anachokera.

Golide naye?

Golide, pulatinamu ndi yureniyamu zimafuna malo achiwawa kwambiri, pomwe ma neutron, tizidutswa ta mkati mwa atomu, akuchita kusefukira. Pa 17 Ogasiti 2017 makina a LIGO ndi Virgo anamva kugundana kwa ma neutron star awiri, mitima yothinana kwambiri yomwe imatsala nyenyezi zikuluzikulu zikaphulika, mu mlalang'amba wa NGC 4993, ma light year pafupifupi 130 miliyoni, matelesikopu padziko lonse anatembenukira komweko ndipo kuwala kwake kunaonetsa kuti maelementi olemera apangika. Nde yureniyamu wa ku Kayelekera sanapangikire ku Karonga, analipo kale mumtambo womwe unapanga Dzuwa, za pansi pano zinangomusonkhanitsa pamalo amodzi.

Koma amadziwa bwanji zomwe zili mu nyenyezi poti palibe anapitako?

Kuwala kumaulula. Mukamwaza kuwala kwa nyenyezi kukhala mitundu ya utawaleza, mumapezeka timizere takuda, ndipo elementi iliyonse ili ndi timizere take pamalo ake osasintha. Joseph Fraunhofer anationa mu kuwala kwa Dzuwa mu 1814, Kirchhoff ndi Bunsen anazindikira tanthauzo lake cha mu 1859. Hiliyamu anayamba kuoneka mu Dzuwa mu 1868, padziko pano anadzapezeka mu 1895. Cecilia Payne mu 1925 anaonetsa kuti nyenyezi ndi haidrojeni ndi hiliyamu kwambiri, akuluakulu a nthawiyo anamuuza kuti sizingatheke, patapita zaka zochepa anavomereza okha.

Za gasi wozizira amagwiritsa ntchito ma telesikopu a wailesi. Haidrojeni amatulutsa siginolo ya masentimita 21 yomwe inagwidwa koyamba mu 1951, ndipo mitambo yoberekera ija amaisaka kudzera mu carbon monoxide, gasi yemwe uja amapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka.

Ndinamva kuti maelementi amagwira ntchito ngati wotchi. Zoona?

Zoona, ndipo kwa ine iyi ndi mbali yokoma kuposa zonse. Kumbukirani kuti okosijeni ndi magineziyamu zimabwera msanga, zaka mamiliyoni ochepa nyenyezi zikuluzikulu zikangobadwa. Ayironi wa Type Ia amachedwa, chifukwa mpaka nyenyezi ikalambe kaye, isanduke white dwarf, kenako idzaphulike, nkhani ya zaka mamiliyoni mahandiredi mpaka mabiliyoni. Tsono khungu la nyenyezi yaing'ono limasunga gasi momwe analili tsiku lomwe inabadwa. Mukapeza nyenyezi yoti okosijeni ndi wambiri poyerekeza ndi ayironi, mwadziwa kuti inabadwa kale, pamalo pomwe kubereka kunachitika mothamanga ayironi asanafike. Ikakhala ndi ayironi wambiri nde yabadwa mochedwa.

Ndi njira imeneyi anaona kuti chimbale cha Milky Way chili pawiri. Pali chokhuthala, chomwe Gilmore ndi Reid anachizindikira mu 1983, cha nyenyezi zakale za zaka 10 biliyoni kapena kuposa, ndi chopyapyala momwe muli Dzuwa, chomwe chakhala chikubereka modekha mpaka lero. Mu 2018, pogwiritsa ntchito setilaiti ya Gaia, magulu a Amina Helmi ndi Vasily Belokurov anapeza chigulu cha nyenyezi zoyenda mosiyana ndi zinzake, makemikolo akenso osiyana, nkuzindikira kuti ndi zotsalira za mlalang'amba wina womwe Milky Way inameza zaka pafupifupi 10 biliyoni zapitazo. Alendo anadziwika ndi magazi awo.

Maelementi ndi ofanana paliponse mumlalang'amba?

Ayi. Pakati pamakhala ambiri, mukamapita kunja amachepa. Leonard Searle anaonetsa izi mu 1971 poyeza mitambo yowala ya m'milalang'amba ina ngati M33 ndi M101. Chifukwa chake nchoti ma spiral amakula kuyambira mkati, pakati gasi anachuluka msanga, ndipo pomwe gasi wathinana kubereka kumathamanga mopitirira, lamulo lomwe Maarten Schmidt analemba mu 1959 ndipo Robert Kennicutt anadzaliyeza bwino mu 1998. Nde pakati padutsa mibadwo yambiri. Kumphepete kwa Milky Way kuli nyenyezi za ayironi wosafika theka la wa Dzuwa, chamkati ziliko zina zoposa Dzuwa kawiri.

Kukula kwa mlalang'amba nakonso kuli ndi gawo. Waung'ono gravity yake ndi yofooka, ma supernova akaphulika katundu amathawira kunja. Large Magellanic Cloud, kamlalang'amba kakang'ono kaja kamaoneka ngati kamtambo kowala kumwera miyezi ya dzinja, ili ndi pafupifupi theka la maelementi olemera a Dzuwa, Small Magellanic Cloud gawo limodzi mwa magawo asanu. Waukulu ngati wathu gasi wotentha amaponyedwa mmwamba, amazizira, nkugweranso m'chimbale pamalo ena.

Kungoti nyenyezi sizikhala pomwe zinabadwira, mikono ija imazikankha, zina kulowa mkati zina kutuluka, nde chithunzichi chimasokonekera pang'ono ndi nthawi. Pali akatswiri ambiri amene amaona kuti Dzuwa lenilenili linabadwira chamkati kuposa pomwe lili lero.

Kodi mlalang'amba umangogwiritsa ntchito gasi yemwe unayamba naye?

Ankaganiza choncho, koma masamu anakana. Mukawerengera ngati kuti palibe cholowa palibe chotuluka, mumapeza kuti pafupi ndi Dzuwa payenera kukhala nyenyezi zambirimbiri zakale zosauka maelementi. Sidney van den Bergh mu 1962 ndi Schmidt mu 1963 atawerenga anapeza zochepa kwambiri. Vutoli limatchedwa G-dwarf problem (G-dwarf ndi nyenyezi za mtundu wa Dzuwa), ndipo yankho lomwe ambiri amavomereza ndi loti gasi sanabwere tsiku limodzi, wakhala akugwera m'chimbale pang'onopang'ono kuchokera kunja. Poyamba gasi anali wochepa nde maelementi olemera anachuluka msanga mwa iye nyenyezi zambiri zisanabadwe.

Nyenyezi zoyambirira zenizeni zilipobe?

Zopanda metal olo pang'ono palibe yomwe yapezeka mu Milky Way, zikuoneka kuti zinali zikuluzikulu nde zinafa msanga. Koma ana ake alipo. Mu 2014 telesikopu ya SkyMapper ku Australia inapeza nyenyezi yotchedwa SMSS J0313-6708 yomwe ayironi wake sanaoneke nkomwe, ngati alipo ndi wochepera ka 10 miliyoni kuposa wa Dzuwa, koma kaboni ali nayo, ndipo zikuoneka kuti gasi wake anathiridwa ndi supernova imodzi yokha.

Izi zili ndi ntchito yanji pa nkhani ya mapulaneti?

Popanda silikoni, ayironi, magineziyamu ndi okosijeni palibe mwala, nde dziko ngati lathu silikanatheka m'mibadwo yoyamba. Zinapezekanso kuti mapulaneti akuluakulu ngati Jupiter amapezeka kwambiri pa nyenyezi za ayironi wambiri. Umboni wina mutha kuugwira m'manja, mwala womwe unagwa ku Murchison ku Australia mu 1969 muli tinjere ta fumbi takale kuposa Dzuwa, tomwe tinapangika mu mpweya wa nyenyezi zina zomwe zinafa kale.

Supernova tingadzaione ifeyo?

Mwina. Mu Milky Way zimachitika kamodzi kapena kawiri pa zaka 100 koma zambiri zimabisika ndi fumbi, yomaliza kuoneka ndi maso inali ya 1604. Ya mu Large Magellanic Cloud ya mu Febuluwale 1987 inaoneka ndi maso kumwera kuno kwa miyezi ingapo. Betelgeuse, yofiira ija ya mu Orion, idzaphulika ndithu koma zitha kutenga zaka 100,000, musachite kugona panja.

Gasi akadzatha zidzatha bwanji?

Pa liwiro la lero gasi wozizira wa mu ma spiral ambiri angathe m'zaka mabiliyoni ochepa, kungoti wina akulowabe kuchokera kunja ndipo nyenyezi zokalamba zikubweza wina. Koma ulendo uliwonse pali wina amene sabwerera, amatsekeredwa mu ma white dwarf, ma neutron star, ma black hole ndi tinyenyezi tofiira tomwe timakhala zaka mathiriliyoni. Kubereka kukamachepa mikono imazilala, buluu amatha, mlalang'amba umafiira. Andromeda ikubwera kuno pa makilomita 110 pa sekondi, kwa nthawi yaitali ankati tidzagundana pakatha zaka 4 kapena 5 biliyoni, koma kafukufuku wa 2025 anati mwayi wake ndi theka ndi theka m'zaka 10 biliyoni zikubwerazi. Zikadzachitika nyenyezi sizidzagundana, mipata ndi yaikulu kwambiri, ndi gasi amene adzagundane nkubereka kwambiri kanthawi kochepa, chotsala chidzakhala mlalang'amba wobulungira wopanda mikono.

Kuno ku Africa alipo amene amafufuza zimenezi, kapena ndi za azungu zokha?

Alipo, ndipo zida zina zabwino kwambiri zili pafupi pompa ku South Africa. Ku Sutherland kuli SALT, telesikopu ya galasi la mamita pafupifupi 10 yomwe inatsegulidwa mu 2005, ndipo ntchito yake yaikulu ndi yomwaza kuwala ija. Ku Karoo kuli MeerKAT, madishi 64 a wailesi, inatsegulidwa mu 2018, imajambula haidrojeni wa masentimita 21 m'milalang'amba yapafupi pofuna kuona gasi amene akulowa ndi kutuluka. MeerKAT idzalowa mu pulojekiti yaikulu ya SKA, chitelesikopu chachikulu cha wailesi cha mayiko ambiri, ndipo Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko 8 a mu Africa ogwirizana nayo. Olo M83, umodzi mwa ma spiral okongola kwambiri omwe akubereka kwambiri, unapezeka kuchokera ku Cape, Lacaille anauona mu 1752. Wachinyamata amene akufuna kulowa m'zimenezi alimbikire masamu ndi fizikisi ndipo aphunzire Python, chifukwa data ya Gaia ndi ya Sloan Digital Sky Survey ili pa intaneti ulere, chofunika ndi laputopu ndi bandulo basi.